Kodi Phala Lotsala la Mwana Tingampatse Galu?



M'makomo ambiri kuno ku Ntcheu, mwana wamng'ono akakana kumaliza phala, wotsiriza kudya amakhala galu. Womwetsa mwanayo amakokota mbale n'kukhuthulira pansi, mwinanso kungoisiya pakhonde kuti galu anyambite. Ambiri timaganiza kuti chakudya chimene chakhazikika m'mimba mwa khanda sichingavute galu, nyama yotafuna mafupa ndi kutola zakudzala. Maganizo amenewa ndi oona mbali imodzi yokha. Phala wamba silipha galu. Koma zilipo zinthu zimene timathira m'chakudya cha mwana, zabwinobwino kwa munthu, pomwe kwa galu ndi poizoni. Liliponso vuto lalikulu lobisala mu ufa weniweniwo, ndipo limeneli silisankha galu kapena mwana. Tafuna kuzifotokoza m'kalata ino chifukwa ophunzira athu ambiri, akaweruka, ndiwo amatumidwa kuphikira ang'ono awo phala ndi kudyetsa ziweto.

Phala wamba: galu atha kudya, koma si chakudya chake

Mwana amayamwa bere lokha mpaka atakwana miyezi 6, kenaka amayamba phala. Kusikelo amayi amalangizidwa kuti phalalo likhale la mgaiwa, lothira nsinjiro, ufa wa soya, dzira, dzungu, nthochi kapena usipa wosinja. Ena amagula Likuni Phala, ufa wosakaniza chimanga ndi soya umene udatenga dzina la Likuni wa ku Lilongwe, womwenso bungwe la Mary's Meals, limene lidayamba ntchito yake m'dziko muno mu 2002, limaphikira ana m'sukulu zambiri za pulaimale. Zinthu zonsezi, zikakhala zophikidwa bwino ndiponso zosagona, galu atha kudya popanda chovuta.

Komabe kusadwalitsa si kukhutitsa thupi. Galu amafuna zakudya zomanga thupi zochuluka kuposa zimene zili m'phala. Muyezo umene opanga chakudya cha agalu ku America amatsatira umati pa magawo 100 alionse a chakudya chouma, osachepera 18 akhale omanga thupi kwa galu wamkulu, ndipo opitirira 22 kwa kagalu kamene kakukula. Chimanga chili ndi magawo pafupifupi 9 okha, ndipo phala likaphikidwa mbali yaikulu amakhala madzi. Kagalu koleredwa ndi phala lokha kamakula monyozoloka, miyendo yopindika chifukwa chosowa mchere womanga mafupa, ubweya wosaoneka bwino. Galu wotere sangathamangitse anyani kumunda kapena kulondera khola usiku.

Mkaka nawonso ndi wofunika kusamala nawo. Galu akaleka kuyamwa, thupi lake limachepetsa mphamvu yogaya shuga wa mumkaka, choncho agalu ambiri akuluakulu amatsegula m'mimba akadya phala lothira mkaka wambiri. Phala lochita nkhungu ndiye n'loyenera kukwirira, chifukwa nkhungu zina zimachititsa galu kunjenjemera ndi kukomoka.

Anyezi ndi adyo

Boma lathu ndi kuchimake kwa ndiwo zamasamba. Aliyense wodutsa pa Lizulu kapena pamphambano ya Tsangano amaona milu ya kabichi, tomato, mbatata ya kachewere ndi anyezi. Choncho mphika wopanda anyezi kuno ndi wosowa, ndipo mwana akafika poyamba kudya nsima yofewa ndi msuzi, msuziwo umakhala wa anyezi. Kwa mwana palibe vuto. Kwa galu nkhani ndi ina.

Mu anyezi ndi adyo muli timichere ta sulfure, timene timapereka fungo lija. Tikalowa m'magazi a galu timawononga maselo ofiira, amene amanyamula mpweya wabwino kupita nawo m'thupi lonse. Maselo owonongekawo amasweka, ndipo galu amayamba kuchepa magazi. Maselo a munthu ali ndi chitetezo chokwanira pa timichere timeneti, koma a galu ndi a mphaka alibe chokwanira. Kuphika, kukazinga kapena kuumitsa sikuchotsa poizoniyu. Anyezi waufa, amene amapezeka m'zokometsera ndiwo za m'mapaketi, ndiye woopsa kwambiri chifukwa supuni imodzi yokha imakhala ndi mphamvu ya anyezi wambiri.

Madokotala a ziweto amati vuto limaonekera galu akadya anyezi wolemera theka la gawo limodzi mwa magawo 100 a kulemera kwa thupi lake. Ophunzira athu a masamu awerengere okha: galu wa makilogalamu 15 akwanira kudwala ndi magalamu 75, amene ndi anyezi mmodzi wosakula kwenikweni. Kagalu ka makilogalamu 3 kakwanira ndi magalamu 15, kachidutswa chabe. Kunyambita msuzi pang'ono kamodzi sikungagwetse galu wamkulu, koma kudya makombo a anyezi tsiku ndi tsiku kumawononga magazi pang'onopang'ono.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti zizindikiro sizibwera tsiku lomwelo. Pamapita masiku awiri, atatu, mwina asanu. Galu amafooka, amapuma mwabefu, nkhama zake zimatuwa, ndipo mkodzo umasanduka wofiirira ngati tiyi. Pofika nthawi imeneyi palibe amene akukumbukiranso za mphika wa ndiwo uja. Ambiri amangoti galu wapatsidwa tameki ndi anansi, ndipo udani umayamba pakati pa makomo awiri popanda wolakwa.

Zakudya za ana za m'sitolo

M'masitolo a paboma ndi m'tauni mumapezeka ufa wa phala la ana wa m'zitini ndi m'mapaketi, komanso timabotolo ta zipatso kapena ndiwo zopotapota. Tsiku lake likadutsa, kapena mwana akachikana, ena amati bola galu adye kusiyana n'kutaya ndalama. Musanatero, werengani zimene zalembedwa pambali. Zolembazo zimakhala m'Chingerezi, ndipo apa ndi pamene mwana wa kusekondale angathandize makolo ake.

Mukaona mawu akuti onion, garlic kapena leek, galu asalawe. Mawuwa amapezeka makamaka m'timabotolo tosakaniza nyama ndi masamba. Mukaona cocoa kapena chocolate, musampatse, chifukwa mu koko muli mankhwala otchedwa theobromine amene thupi la galu limachedwa kuwachotsa, ndipo amathamangitsa mtima mpaka galu kukomoka. Mukaona grape kapena raisin, ndiye kuti muli mphesa, zimene zimatha kuononga impso za galu ngakhale zitakhala zochepa. Loopsa koposa onsewa ndi xylitol, chotsekemeretsa cholowa m'malo mwa shuga, chimene chimapezeka m'chingamu china, m'mankhwala ena otsukira mano, ndi m'zakudya zina zolembedwa kuti zilibe shuga. Kwa munthu n'chabwinobwino. Kwa galu chimagwetsa shuga wa m'magazi, nthawi zambiri ola limodzi lisanathe, ndipo chimatha kuononga chiwindi.

Mankhwala a mwana nawonso asapite kwa galu. Amayi ena amasungunulira mankhwala m'phala kuti mwana amwe mosavuta, ndipo zotsala za phala lotero n'zoyenera kutayidwa m'chimbudzi. Panado ndi bulufeni, amene timawaona ngati mankhwala wamba, amaononga chiwindi, impso ndi m'mimba mwa galu.

Chuku: galu akafa, yang'anani ufa wa mwana

Mu 2024, chaka cha chilala chija pamene boma lidalengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi m'maboma 23 mwa 28 a dziko lino, madokotala a ziweto ku Blantyre adadandaula za agalu mazana angapo amene adafa atadya nsima ya madeya. M'mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho, nduna ya zaumoyo ku Zambia, a Elijah Muchima, idalengeza kuti agalu pafupifupi 400 adafa m'dzikomo chifukwa cha chakudya chochokera ku chimanga choipa. Konseku chidapha agalu ndi chimodzi: poizoni wa chuku, amene akatswiri amamutcha aflatoxin.

Poizoniyu amapangidwa ndi nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus, imene imamera pa chimanga ndi mtedza. Imakonda mbewu zimene zidavutika ndi ng'amba kumunda, zobooledwa ndi anankafumbwe, ndi zimene zasungidwa zisanaume bwino. Adamuzindikira koyamba ku England mu 1960, nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ndi chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Saoneka ndi maso, ndipo moto wa pamafuwa sumuononga. Phala likhoza kubwata mpaka kupsa bwino, poizoni ali momwemo.

Galu ndi imodzi mwa nyama zosachedwa kugwa ndi chuku. Kuwonjezera apo, iye ndi amene timampatsa mbali yoipitsitsa ya zokolola. Chimanga tikakonola, poizoni wambiri amatsalira m'madeya, ndipo madeyawo nthawi zambiri amachoka kuchigayo ali onyowa n'kuunjikidwa m'thumba. Chimanga chowola chimene tasankha ndi mtedza wofwifwa timati n'za ziweto. Galu wodya zimenezi amaleka kudya, amasanza, maso ndi nkhama zimachita chikasu, nthawi zina amachita chimbudzi cha magazi, kenaka amafa chiwindi chitaonongeka.

Tsono taganizani: phala la mwana timaphika ndi chiyani? Mgaiwa, umene ndi chimanga chosakonola, ndi nsinjiro. Mbewu ziwiri zomwe zija zimene chuku amakonda. Mwana ndi galu amadya za m'nkhokwe imodzi. Kwa munthu, chuku wochuluka amapha msanga, monga zidachitikira ku Kenya mu 2004 pamene anthu 125 adamwalira atadya chimanga choipa. Chuku wochepa koma wodyedwa tsiku ndi tsiku amayambitsa khansa ya chiwindi pakapita zaka, ndipo kafukufuku wapeza kuti ana amene ali ndi poizoniyu wambiri m'magazi amakonda kupinimbira. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Galu wa pakhomo akafa ndi chikasu, tisathamangire kuloza anansi chala. Tiyambe tatsegula thumba la chimanga ndi la mtedza, tinunkhize, tisankhe, ndipo tiwadziwitse alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo.

Sitikunena kuti mwana aleke phala la mgaiwa ndi nsinjiro, chifukwa ndi lopatsa thanzi kuposa la ufa woyera. Tikunena kuti chimanga ndi mtedza za phala la mwana zikhale zosankhidwa ndi manja, njere ndi njere, kuchotsa zonse zowola, zosintha mtundu, zofumbwa ndi zofwifwa. Zokolola ziyanikidwe pamphasa kapena pathandala, osati padothi. Mtedza usawazidwe madzi pofuna kuti usavute kuswa, chifukwa chinyezi chimenecho ndicho chimadzutsa nkhungu. Matumba asanjikidwe pamitengo, asagunde khoma kapena pansi. Zimene tasankhazo zikwiriridwe kapena kutenthedwa, osapatsa galu, nkhuku kapena ng'ombe ya mkaka, popeza poizoniyu amadutsa mpaka mumkaka.

Chiponde cha kuchipatala ndi mankhwala a mwana

Mwana wonyentchera kwambiri akapita kuchipatala amalandira chiponde cha m'timapaketi. Chimapangidwa ndi mtedza, mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Chidakonzedwa koyamba ku France mu 1996, ndipo Malawi ndi limodzi mwa maiko oyambirira kumene chidayesedwa pa ana odwala ali kunyumba kwawo. Lero chimapangidwa konkuno. Kapaketi kamodzi kamalemera magalamu 92, ndipo achipatala amawerengera chiwerengero cha timapaketi molingana ndi kulemera kwa mwanayo.

Galu atanyambita chiponde chimenechi sangafe, ngakhale mafuta ake angamutsegule m'mimba. Wovutika ndi mwana. Kapaketi kalikonse kopita kwa galu, kwa achimwene ake a mwanayo kapena kumsika, kachotsedwa pa mlingo wa mankhwala a wodwala. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. M'dziko lotere chakudya cholandira kusikelo n'chamwini wake, ndipo ndi amana imene kholo lasungitsidwa. Mwana akalephera kumaliza, pindani kapaketiko bwino, kasungeni pamalo oyera, mudzampatsenso akamva njala tsiku lomwelo. Akamakana kudya kawirikawiri, bwererani naye kuchipatala msanga, chifukwa kukana chakudya kwa mwana wonyentchera ndi chizindikiro choopsa.

Mbale ya mwana si ya galu

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza chipembedzo chathu. Chisilamu chimalola kusunga galu wolondera ziweto, munda kapena wosakira nyama, ndipo amene wasunga nyama ali ndi udindo woidyetsa. Tonse tidamva m'mahadith za munthu amene Allah adamukhululukira machimo chifukwa chotungira madzi galu waludzu. Choncho kumana galu chakudya, kapena kumpatsa chimene tikudziwa kuti chimudwalitsa, si khalidwe la Msilamu. Komanso Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adalamula kuti chiwiya chimene galu wanyambitamo chitsukidwe kasanu n'kawiri, ulendo umodzi ndi dothi. Asilamu ambiri m'dziko muno timatsatira chiphunzitso cha Imam Shafi'i, chimene chimaona malovu a galu ngati najisi yaikulu. Tsatanetsatane wa katsukidwe kake masheikh athu ndiwo angatiphunzitse bwino.

Azaumoyo nawonso amaletsa mwana ndi galu kudyera m'mbale imodzi. Galu amadzinyambita thupi lonse ndipo amatola zakudzala ndi zakutchire. Agalu ambiri, makamaka tiana, amakhala ndi njoka zam'mimba zimene mazira ake amatuluka ndi chimbudzi n'kukhala m'dothi kwa miyezi yambiri. Mwana wokwawa amagwira dothilo n'kuika dzanja m'kamwa. Pali njoka ina imene galu amaitenga akadya chiwindi kapena mapapo aawisi a mbuzi ndi nkhosa okhala ndi timatumba tamadzi, ndipo mazira ake akalowa mwa munthu amapanga zotupa m'chiwindi. Tizikumbukira zimenezi pa Eid ya nsembe: zam'kati zokhala ndi timatumba totere zikwiriridwe mozama, ndipo zabwino zimene tikufuna kupatsa galu ziyambe zaphikidwa.

Chinanso, galu wozolowera kulandira phala la mwana amayamba kudikirira pafupi mwana akamadya. Tsiku lina amalanda, mwana amakaniza, ndipo dzanja kapena nkhope imalumidwa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati pafupifupi anthu onse odwala chiwewe amachitenga kwa agalu, ndipo 40 mwa 100 alionse amakhala ana osakwana zaka 15. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro sichichizika. N'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera ku Blantyre kuyambira 2015, ndipo pa 28 Sepitembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbutsana za matendawa. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka pitani naye tsiku lomwelo kuchipatala chapafupi kapena ku chipatala cha boma cha Ntcheu. Musadikire kuti muone ngati galuyo apenge.

Zoyenera kuchita pakhomo

Galu akhale ndi mbale yakeyake, kaya phale kaya chigubu chodula, ndipo izikhala kutali ndi khitchini ndi thandala la mbale. Azidya nthawi yake, mwana atamaliza kudya n'kuchotsedwapo. Phala lotsala la tsiku lomwelo, lopanda anyezi, koko kapena mankhwala, likhuthulidwe m'mbale ya galuyo ndi dzanja la munthu wamkulu, mbale ya mwana ipite kotsuka. Chakudya chenicheni cha galu chikhale nsima ya mgaiwa kapena ya madeya oyanikidwa bwino, osanunkha chuku, yosakaniza ndi mitu ya usipa, bonya, soya wokazinga n'kugaya, kapena zotsala za nyama zophika. Pophika ndiwo, patulani gawo la galu musanathire anyezi ndi mchere. Mafupa ophika a nkhuku musampatse, chifukwa amasweka mosongoka n'kubaya matumbo. Madzi akumwa asamusowe.

Galu akadya chinthu chokayikitsa, musamumwetse madzi amchere, mafuta ophikira kapena mankhwala a anthu. Sungani paketi kapena zotsala za chimene wadya, ndipo kaonaneni ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu tsiku lomwelo. Mlangizi yemweyo akuuzani za katemera wa chiwewe ndi mankhwala a njoka zam'mimba.

Kuchepetsa zotsala ndiko kwabwino koposa. Mimba ya khanda ndi yaing'ono. Muikireni phala lochepa m'kambale, akamaliza muwonjezere. Tikatero mwana adya chotentha ndi chaukhondo, ufa ukhalitsa, ndipo tipewa kuononga chakudya kumene Qur'an imatiletsa.

Ophunzira, mukafika kunyumba awerengereni makolo ndi agogo nkhaniyi, ndipo Loweruka lino khalani nawo pamphasa musankhe chimanga ndi mtedza wa phala la mng'ono wanu. Akuluakulu a komiti, tikupempha kuti uthenga wa chuku ndi wa katemera wa agalu ulengezedwe pambuyo pa Swala ya Ijumaa, makamaka nyengo yokolola ikamayandikira. Allah atisungire ana athu ndi ziweto zathu.